Whitney Houston: mawu aja anali a m'magazi kapena a ku pulakatisi?

Nachisale:
Abale, ndithandizeni nkhani iyi chifukwa yandisowetsa tulo. Dzulo ku pulakatisi ya kwaya ndinapempha kuti kamtsikana kanga ka zaka 11 kayesereko kutsogolera nyimbo imodzi ya ana. Mayi wina, dzina ndisatchule, anandiyankha pamaso pa anthu kuti kuyimba n'kwa m'magazi, ndipo kwathu kulibe amene anayimbapo. Anafika popereka chitsanzo cha Whitney Houston, ati onani, mayi ake woyimba, abale ake oyimba, ndiye iye akanalephera bwanji. Ine ndinangoti kukamwa yasaa. Amene mukuidziwa bwino mbiri ya mayi ameneyu, n'zoona kuti anangobadwa akuyimba choncho?

Aphiri a ku Ndirande:
Make mbuu, mwana mbuu. Pepani Nachisale koma mayiwo sananame kwenikweni, angolakwitsa kayankhulidwe.

Nachisale:
Aphiri, inunso mwayamba?

Aphiri a ku Ndirande:
Ayi, mverani kaye. Whitney anabadwa pa 9 Ogasiti 1963 mumzinda wa Newark ku New Jersey. Mayi ake, Cissy Houston, anali woyimba wa ntchito, amene oyimba akuluakulu ankamufuna mu situdiyo. Dionne Warwick ndi msuweni wake. Dee Dee Warwick msuweni wakenso. Whitney ankamutchula Aretha Franklin kuti anti. Mwana wobadwira m'nyumba yotere mukufuna akhale kalipentala?

Gogo Nangozo:
Ndikonzeko pang'ono, mwana wanga Phiri. Dionne kwa Whitney si msuweni mwa chikhalidwe chathu. Mayi a Dionne, a Lee, ndi mayi a Whitney, a Cissy, ndi a bere limodzi, a Lee ndiwo aakulu. Ndiye Dionne ndi mwana wa amayi aakulu, ameneyo ndi mchemwali wake weniweni. Msuweni ndi mwana wa amalume kapena wa azakhali. Azungu ndiwo amangophatikiza onse mawu amodzi.

Aphiri a ku Ndirande:
Ndagonja Gogo. Koma mwangolimbikitsa mfundo yanga, magaziwo ayandikira kwambiri.

Mphunzitsi wa Kwaya:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma pano ndilowepo, chifukwa nkhani ya magazi imeneyi imandipweteka mutu chaka ndi chaka. Tiyeni tibwerere m'mbuyo, tisayambire pa Whitney.

Bambo ake a Cissy, a Nitcholas Drinkard, anali munthu wa ku Newark wogwira ntchito m'fakitale, wopemphera kwambiri. Iwowa ndi amene anasonkhanitsa ana awo n'kuwapanga gulu loyimba nyimbo zauzimu, lomwe linadzadziwika kuti Drinkard Singers. Cissy, amene anabadwa mu 1933, analowa m'gululo ali kamwana ka zaka 5. Taganizani, zaka 5. Gululo linakayimba ku Newport Jazz Festival mu 1957, ndipo mu 1958 linatulutsa chimbale ku kampani ya RCA, nthawi imene makampani akuluakulu sankalabadira kwenikweni nyimbo za m'matchalitchi a anthu akuda.

Ndiye pamene Whitney ankabadwa, mayi ake anali atayimba kale kwa zaka 25. Chimene chinali m'nyumba muja ndi ntchito imene banja linali litaigwira kwa mibadwo iwiri. Mwana wa mmisiri wa mipando amadziwa kugwira sowo osati chifukwa sowoyo ili m'magazi, koma chifukwa anakulira pa utuchi.

Aphiri a ku Ndirande:
Aphunzitsi, nanga bwanji ana a amisiri ena amakulira pa utuchi womwewo koma mpando akapanga umagwedera?

Mphunzitsi wa Kwaya:
Funso labwino. Sindikukana kuti pakhosi pa Whitney panali mphatso. Kukula kwa mawu, kukoma kwake, zimenezo munthu sagula. Koma mawu okoma ndawamva ambiri, ena m'kwaya yanga yomwe, ndipo ambiri amathera pa kukoma pomwepo. Chimene chimadabwitsa mwa Whitney ndi mmene ankawagwirira mawuwo. Mvetserani pomwe akupumira. Mvetserani mmene amayambira chapansipansi ngati akunong'oneza, n'kumasunga mphamvu mpaka kumapeto. Mvetserani kuti liwu lililonse limamveka, samameza zilembo. Zimenezo ndi zophunzitsidwa, ndipo mphunzitsi wake ankagona naye nyumba imodzi.

Cissy anatsogolera kwaya ku New Hope Baptist Church ku Newark kwa zaka zoposa 50. Whitney anayambira m'kwaya ya ana pa tchalitchi chomwecho, kuyima pamzere ngati wina aliyense. Nyimbo yoyamba kuyimba yekha pamaso pa mpingo inali ya m'buku, Guide Me O Thou Great Jehovah, ali kamtsikana ka msinkhu wa mwana wanu yemweyo, Nachisale.

Nachisale:
Eee, msinkhu womwewu? Ndiye mwandipatsa mphamvu.

Mlongo wa ku Joni:
Ndilowereko ine wa kutali. Anthu ambiri a Cissy timangowadziwa ngati mayi a Whitney, koma mayi amene uja payekha anali chimphona. Gulu lawo la Sweet Inspirations ndi limene linkayankhira nyimbo za Aretha Franklin m'zaka za m'ma 1960. Mukamvera Ain't No Way ya Aretha ya 1968, pali mawu a sopulano amene amakwera kumbuyo uko ngati mluzu, amenewo ndi a Cissy. Mu 1969 anakayimba kumbuyo kwa Elvis Presley ku Las Vegas. Ndipo Midnight Train to Georgia anayamba kuijambula ndi Cissy, Gladys Knight anadzaitchukitsa pambuyo. Atakalamba anadzapata ma Grammy awiri a nyimbo zauzimu.

Chimene ndikufuna kunena n'chakuti Whitney anaona ndi maso ake munthu waluso lotere akukhala kumbuyo kwa anzake zaka ndi zaka, dzina lake lili m'tizilembo ting'onoting'ono kuseri kwa chimbale. Ine ndimaona kuti n'chifukwa chake mayiyo sanafune kuti mwana wake athamangire.

Bambo a Tadala:
Kuthamangira kwake kuti? Paja anatchuka ali wamng'ono.

Mlongo wa ku Joni:
Wamng'ono inde, koma osati mmene zikanakhalira. Ali ndi zaka 14 anali atayamba kale kuyimba kumbuyo kwa mayi ake m'malo achisangalalo a ku New York. Mu 1978 mawu ake anamveka pa nyimbo ya Michael Zager Band. Mu 1980 iye ndi mayi ake anayankhira limodzi pa chimbale cha Chaka Khan chotchedwa Naughty. Anthu a makampani anali atayamba kale kumuzungulira, koma Cissy anakana, anati amalize kaye sukulu. Anamaliza mu 1981 pa Mount Saint Dominic Academy, sukulu ya atsikana ya Akatolika ku Caldwell. Anasaina ndi Arista Records ya Clive Davis mu 1983, ndipo chimbale choyamba chinatuluka mu Febuluwale 1985, ali ndi zaka 21. Kuchoka pa 14 kufika pa 21, zaka 7 zimenezo, akuphunzira ntchito.

Bambo a Tadala:
Mwana wa Baptist kukaphunzira kwa masisitere, kkkk. Ngati kwathu kuno basi, bola sukulu ikhale yabwino.

Gogo Nangozo:
Amenewo ndiwo mayi. Masiku ano mwana akangoyimba bwino kamodzi pa ukwati, mawa mwamuika kale pa TikTok, mkuja mukufuna akujambulitse chimbale. Chipatso chothyola chosapsa chimawawasa.

Mphunzitsi wa Kwaya:
Zaka 7 zimenezo tisazidumphe, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Kuyankhira nyimbo kumbuyo ndi sukulu yovuta kuposa kutsogolera. Wotsogolera akaphonya, anthu amati ndi sitayilo. Woyankhira akaphonya, gulu lonse lawonongeka. Umayenera kumvera mnzako kuposa mmene ukudzimvera wekha, kudziwa pochepetsa mawu, kulowa pa nthawi yake, kutseka liwu limodzi ndi anzako ngati munthu mmodzi. Mu situdiyo nthawi ndi ndalama, sakubwerezera kakhumi. Mwana amene wadutsa m'menemo akafika kutsogolo amakhala akudziwa chimene chikuchitika kumbuyo kwake.

Ine m'kwaya yanga mwana wa mawu okoma ndimayamba ndamuika pa aluto chaka chathunthu. Makolo amakwiya, ati mukumubisa mwana wathu. Pa sopulano aliyense amangotsata nyimbo mmene amaidziwira. Pa aluto ndi pamene khutu limatseguka.

Nachisale:
Ndiye mukundiuza kuti wanganso ndisamukakamize kutsogolera?

Mphunzitsi wa Kwaya:
Ndikukuuzani kuti kutsogolera kamodzi n'kwabwino, alawe. Koma asachoke pamzere.

Nabanda:
Nkhani yokakamiza imeneyi ndiinenepo, chifukwa ine ndine mwana wa mayi wa kwaya ndipo mbali inayo ndikuidziwa. Mayi anga anali otsogolera nyimbo ku Mvano, mawu awo ankamveka kutsidya kwa dambo. Ndili Sitandade 6 anandipatsa vesi yoti ndiyimbe ndekha pa Khirisimasi. Milungu itatu ndinkayeserera pa mtondo, ndikusinja ndikuyimba, iwo ali pa mkeka akusankha nyemba, osandiyang'ana n'komwe, kungoti "bwereza" ndikaphonya. Tsikulo litafika ndinavala diresi yoyera ya kaunjika, yowuma ndi sitachi, ikundikanda m'khosi. Ndinaima kutsogolo, ndinaona mitu ya anthu ngati maungu m'munda, ndinatsegula kukamwa, osatuluka kanthu. Kwaya inadikira. Woyimba ng'oma anabwereza poyambira kawiri. Kenaka ndinamva mawu a mayi anga kumbuyo akuyamba vesi ija chapansipansi, ine n'kulowa pa mzere wachiwiri ndikunjenjemera.

Kunyumba sananditukwane, sanandiyamikirenso. Anangoti mawa tiyambiranso. Ine kuyambira pomwepo ndinadana nako kuyimba, ndinadzabwerera ndili ndi ana awiri. Ndiye mukamayamikira a Cissy, kumbukiraninso kuti kukhala mwana wa mphunzitsi n'kolemetsa. Anzako akalakwitsa ku pulakatisi amapita kwawo kukapuma. Iwe mphunzitsi umapita naye kunyumba.

Gogo Nangozo:
Pepa mwana wanga. Koma taona, vesi ija anakuyambira ndani?

Nabanda:
Iwo omwewo Gogo. N'chifukwa chake sindiwada. Ndikungonena kuti zinali zolemera.

Aphiri a ku Ndirande:
Nabanda wanena zoona, ndipo kwa Whitney kunyumba sikunali kwa mtendere wokhawokha. Mayi ake ankayendayenda kukayimba, ana n'kumatsala ndi bambo awo a John Houston, amene anamupatsa dzina loti Nippy, kapena ndi anthu ena. Mu Julaye 1967 ku Newark kunabuka zipolowe zoopsa, anthu 26 anafa, Whitney asanakwanitse zaka 4. Pambuyo pake banja linasamukira ku East Orange. Makolo ake anadzapatukana iye ali mtsikana wachisodzera. Anthu timangoona chithunzi cha banja la oyimba, timaiwala kuti woyimba akakhala pa siteji ku Las Vegas ndiye kuti kunyumba mpando wake uli wopanda munthu.

Mlongo wa ku Joni:
Ndipo Cissy anasiya Sweet Inspirations mu 1969, china mwa zifukwa chinali chomwecho cha ana.

Kamnyamata ka Gitala:
Akuluakulu, ine funso langa ndi lina. Ngati anakulira m'tchalitchi chomwechi, bwanji nyimbo zake zoyamba zikumveka ngati za azungu? Ine ndikamvera zija za 1985 ndi 1987 sindimvamo tchalitchi ayi, ndimamva ma kiyibodi ndi ng'oma za makina.

Bambo a Tadala:
Mphwanga, funso limeneli anthu akuda a ku America analifunsa kalekale, ndipo mwaukali. Pa mwambo wopereka mphoto za nyimbo wa Soul Train Awards mu 1989 dzina lake litatchulidwa anthu ena anamukuwiza. Ankati wagulitsa mtundu, akuyimbira azungu. Clive Davis ankafuna woyimba woti alowe pa wailesi iliyonse, ndipo zinathekadi, nyimbo 7 zotsatizana zinafika pa nambala 1 pa mndandanda wa nyimbo zotchuka wa Billboard. Koma mtengo wake unali umenewo.

Mphunzitsi wa Kwaya:
Koma iwe wa gitala, ukumvera zoyimbira, sukumvera munthu. Chotsa makinawo m'mutu mwako, utsale ndi mawu okha. Ona mmene amakokera liwu limodzi n'kulipinda katatu kanayi lisanathe. Ona mmene vesi yomaliza amaikwezera, ngati mlaliki amene wafika pachimake pa ulaliki. Ona kuyitana ndi kuyankha pakati pa iye ndi oyankhira ake. Zonsezo n'za ku New Hope. Anangovala zovala zina.

Ndipo sanatengere tchalitchi chokha. Iye mwini ankatchula Aretha Franklin, Chaka Khan, Gladys Knight ndi Roberta Flack ngati anthu amene ankawamvera akukula. Ine ndikamamvera ndimaona ngati mphamvu anatengera kwa Aretha ndi mayi ake, koma kudekha kuja, kuyimba mosathamanga, mwaulemu ngati wavala suti, n'kwa Dionne. Dionne nyimbo zake zambiri zinali za Burt Bacharach ndi Hal David, zovuta kuwerenga, zosinthasintha kagundidwe, ndipo ankaziyimba mosakuwa. Ndiye m'banja momwemo munali kale njira ziwiri, ya tchalitchi ndi ya pop. Whitney sanapite kukabwereka kwa azungu, anazipeza pakhomo.

Kamnyamata ka Gitala:
Apa ndiye mwanditsegula. Za Dionne sindinaziganizepo.

Mlongo wa ku Joni:
Ukafuna umboni wa Chaka Khan, mvera I'm Every Woman imene Whitney anaibwereza mu 1992. Kumapeto amatchula dzina la Chaka. Mwana amene ankayankhira kumbuyo uja akuthokoza mwini nyimbo. Ndipo ukafuna tchalitchi chenicheni, pita pa chimbale cha filimu ya The Preacher's Wife ya 1996, pomwe anayimba ndi Georgia Mass Choir. Pamenepo ndiye anavula nsapato.

Ndiwonjezere za kuno. Achikulire a kuno ku Johannesburg amamukumbukira mwapadera chifukwa mu Novembala 1994, Mandela atangolowa kumene, anabwera kudzayimba ku Durban, ku Ellis Park ndi ku Cape Town. Ndipo mu 1988 anali nawo pa konsati ya ku Wembley ku London yokumbukira zaka 70 za Mandela, iye akadali m'ndende. Mayi wina amene ndimagwira naye ntchito akangomva dzina la Whitney amayamba nkhani ya ku Ellis Park, ndipo ndaimva kokwana.

Aphiri a ku Ndirande:
Chabwino, ndavomera kuti pulakatisi inalipo. Koma ndibwerere ku magazi anga. Kwathu konkuno, taonani ku Chileka. Robert Fumulani woyimba, ana ake Anjiru ndi Chizondi oyimba mu Black Missionaries. Ku Balaka, Paul Banda ndi mng'ono wake malemu Lucius. Zonsezi n'zongochitika?

Bambo a Tadala:
Aphiri, chitsanzo cha ku Balaka chikukutsutsani nokha. Lucius anakulira mu Alleluya Band pansi pa mkulu wake, zida zili pomwepo, pulakatisi ili pomwepo. Ndipo ndi angati adutsa m'manja mwa Paul Banda ndi mu Zembani Band ya Lucius amene si a banja la Banda? Ambirimbiri. Chimene banja limapereka ndi gitala yoti uigwire uli wamng'ono, munthu wokuuza kuti waphonya, ndi khomo lotseguka.

Gogo Nangozo:
Khomo lotseguka limenelo musalichepetse. Mwana wa mlimi wa ku Ntchisi angakhale ndi mawu oposa a Whitney, koma ndani amutengere ku situdiyo ali ndi zaka 14? Uyu ankalowa atagwira chikwama cha mayi ake.

Mlongo wa ku Joni:
Zoona Gogo. Ngakhale munthu wa ku Arista amene anayamba kumuona, Gerry Griffith, anamuona akuyimba pa zoimbaimba za mayi ake ku New York, ndiye n'kukauza Clive Davis. Popanda siteji ya mayi ake sakanamuonera pamenepo.

Nabanda:
Koma alongo ake bwanji? Paja anali ndi alongo.

Aphiri a ku Ndirande:
Analipo, Gary ndi Michael, onse aakulu kwa iye. Gary anasewerako basketball mu NBA ku Denver Nuggets, kenaka anadzakhala woyankhira nyimbo pa maulendo a mlongo wake.

Mphunzitsi wa Kwaya:
Mwaona Aphiri, mwadzibaya nokha kachiwiri. Mayi mmodzi, nyumba imodzi, tchalitchi chimodzi, Whitney mmodzi.

Aphiri a ku Ndirande:
Ayi aphunzitsi, pamenepa mwabayidwa ndinu. Ngati nkhani ndi pulakatisi yokha, bwanji onse atatu sanafanane? Ndiye kuti pali kanthu kena kamene anabadwa nako yekha.

Mphunzitsi wa Kwaya:
Kanthu kamene anabadwa nako yekha, inde. Koma mwayamba ndi kunena kuti n'za banja lonse. Ngati mphatso imagwera mwana mmodzi m'nyumba ya oyimba n'kudumpha ena, ingagwerenso mwana mmodzi m'nyumba imene simunayimbepo munthu. Ndi zimene amafunsa Nachisale.

Aphiri a ku Ndirande:
Mmm. Ndikayankha ndikadya.

Bambo a Tadala:
Kkkkk athawa.

Kamnyamata ka Gitala:
Chimene chimandimvetsa chisoni ine n'chakuti zonsezi zinathera pomwe zinayambira. Whitney anamwalira pa 11 Febuluwale 2012 ali ndi zaka 48 zokha, ndipo mwambo wa maliro unachitikira ku New Hope Baptist komwe kuja, mayi ake ali pa mpando wakutsogolo. Iwo anadzamwalira mu Okutobala 2024 ali ndi zaka 91.

Gogo Nangozo:
Kuika mwana wako m'manda, m'tchalitchi chimene unamuphunzitsira kuyimba. Tisapitirire pamenepo ana anga, za kumapeto kwa moyo wake ndi nkhani ina, ndipo anthu amaikamba mopanda chifundo.

Nachisale:
Zikomo nonse. Ndamufunsa mwiniwake madzulo ano ngati akufunadi kutsogolera kapena ndine ndikufuna, chifukwa nkhani ya Nabanda yandilasa. Wati akufuna, koma vesi imodzi yokha, ndipo mnzake aime pambali pake. Vuto ndi lakuti ine sindingamuphunzitse, ndikayimba ngakhale nkhuku zimathawa. Aphunzitsi, pulakatisi yanu imakhala liti?

Mphunzitsi wa Kwaya:
Lachinayi ndi Loweruka, 3 koloko masana. Abwere ndi kope ndi botolo la madzi, osati a mufiriji. Koma ndanena kale, ayambira pa aluto.

Nachisale:
Nanga vesi ija?

Mphunzitsi wa Kwaya:
Ndimumve kaye Lachinayi.